Momwe mungayesere kudumpha kwa magetsi pakati pa pepala la pulasitiki ndi chitsulo

Mwezi wa Okutobala ukafika muno mu Zomba, udzu wa m'mbali mwa phiri utauma ndipo fumbi la ku Matawale ndi ku Chinamwali likulowa mpaka m'nyumba, munthu amene akumatula kapepala kotchinga galasi la foni yatsopano amamva kuthetheka kwapansipansi, ndipo kapepalako kamakakamira kuzala ngati kapakidwa ulimbo. Ambiri amangokakutumula n'kupitiriza ntchito. Komatu chimene chachitika pamenepo ndi mbale wake wa mphezi imene imang'anima pamwamba pa phiri m'dzinja, ndipo ngakhale n'chaching'ono, chimatha kupha foni imene yabwera kudzakonzedwa kapena kuyatsa mpweya wa petulo pakamwa pa chigubu. Malangizo awa ndalembera aphunzitsi a sayansi, ophunzira amene akukonzekera mayeso a MSCE, komanso okonza mafoni ndi makompyuta, kuti aone ndi maso awo momwe magetsi amenewa amadumphira, pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka m'nyumba ndi mumsika.

Zinthu ziwiri zosiyana zikakhudzana kenako n'kulekana, chimodzi chimalanda chinzake maelekitironi, tizidutswa tosaoneka ndi maso tonyamula magetsi. Cholandacho chimakhala ndi chaji (magetsi osungika pachinthu) ya negativu, ndipo cholandidwacho chimatsala ndi ya pozitivu. Galasi, tsitsi, nayiloni ndi ubweya zimakonda kulandidwa, pamene polyethylene wa majumbo ndi PVC wa mapaipi a madzi amakonda kulanda. Kukwecha kumangochulukitsa malo amene akhudzana. Mfundo imene ndikufuna kuti muigwiritsitse ndi ya kusiyana kwa chitsulo ndi pulasitiki. M'chitsulo maelekitironi amayenda momasuka, kotero kuti mukachikhudza malo amodzi, chaji yonse imatulukira pomwepo, monga madzi a m'damu la Mulunguzi amatulukira pakhomo limodzi. Papulasitiki chaji imakhala pamene yagwera, ngati zithaphwi za pamsewu mvula ikakata, ndipo kukapa chithaphwi chimodzi sikuumitsa chinzake. Zonse zimene muone m'munsimu zikuchokera pamenepa.

Nthawi yake ndi zofunika kukonza

Musayese zimenezi chiperoni chikuwomba. Ine ndinayamba kuyesa mu Juni, tsiku limene mitambo inaphimba phiri ndipo kamvula kowaza sikanaleke, ndipo ophunzira anadikira ola lathunthu osaona kanthu, ena n'kuyamba kukayika ngati zolembedwa m'mabuku awo zili zoona. Zinandipweteka, chifukwa vuto silinali m'mabuku koma mumpweya. Chinyontho chimayala madzi osaoneka ndi maso pamwamba pa pepala, ndipo chaji imathawira m'madzimo isanachuluke. Ziwerengero zimene akatswiri oteteza zipangizo zamagetsi amagwiritsa ntchito zimasonyeza kuti kungonyamula jumbo patebulo kungathe kubala mavoliti 20,000 pamene chinyontho cha mumpweya chili pakati pa 10 ndi 25 peresenti, koma mavoliti 1,200 okha chikakhala pakati pa 65 ndi 90 peresenti. Kwathu kuno nthawi yabwino ndi kuyambira kumapeto kwa Ogasiti mpaka mvula isanayambe mu Novembala. Ngati simungachitire mwina m'nyengo ina, yanikani zipangizo zonse padzuwa, kapena ziwomberedwe ndi makina oumitsira tsitsi a kusaluni, ndipo muyambe zikadali zofunda.

Pezani pepala la pulasitiki lochindikala loonekera mkati, longa lokutira mabuku, lalikulu ngati tsamba la nyuzipepala. Pezaninso bolodi la pulasitiki lodulirapo ndiwo kapena mbale yoyera yopepuka imene ogulitsa chipisi amaikamo chakudya, juzi ya ubweya youma, supuni yachitsulo, singano, kandulo, chivindikiro cha poto wa aluminiyamu chophwatalala komanso chosalala m'mbali, ndi ufa wakuda wa m'makina a fotokope umene amautcha tona. Tona wotsala m'makatiriji akale ndi wokwanira, ndipo akasowa, paudala wa ana amagwirako ntchito. Ngati muli ndi tesita yakale ya amagetsi, chotsanimo kababu kake ka neon. Pukutani pepala ndi bolodi ndi sipiliti kuti mafuta a m'manja achoke, zisiyeni ziume, kenako mutulutse botolo la sipilitilo m'chipindamo. M'chipinda chimenecho musakhale petulo, palafini, gasi wophikira kapena foni yotsegulidwa, ndipo munthu amene anamuika kachipangizo kothandiza mtima kugunda aonerere ali patali. Palibe chilichonse pano chofunika kulumikizidwa kusoketi ya ESCOM.

Supuni, singano ndi ufa

Yalani pepala patebulo lamatabwa ndipo mulikweche ndi juzi mwamphamvu, kulowera mbali imodzi, kwa theka la mphindi. Likadali patebulo, yandikizani kumbuyo kwa dzanja lanu. Simumva zambiri. Tsopano ligwireni m'ngodya ziwiri, mulinyamule pang'onopang'ono, n'kulipachika ndi mapegi apulasitiki pachingwe cha nayiloni. Polinyamula mumva likuthetheka, ndipo mukayandikizanso dzanja, ubweya wa pamkono uima. Chaji sinawonjezeke ayi. Pamene pepala linali patebulo, chaji yake inali itakokana ndi chaji yosiyana nayo ya m'thabwa, ndipo mphamvu yake inali yomangika pakati pa ziwirizo. Mutazilekanitsa, mavoliti akwera kwambiri, ndipo mphamvu ija yatulukira mumpweya. N'chifukwa chake ngozi zambiri zimachitika pomatula kapena ponyamula, osati pamene zinthu zagonerana.

Tsekani mawindo, zimitsani nyale, ndipo mudikire mphindi 10 kuti maso azolowere mdima. Gwirani supuni m'manja ndipo muyandikize msana wake wozungulira pakati pa pepala, mosafulumira. Supuni isanakhudze, mumva kuti tsa, ndipo mukayang'anitsitsa muona kakuwala kofiirira komkera kubuluu, kokhala ndi tsinde lalifupi pasupuni ndi nthambi zambiri zomwazikira kupepala, ngati tsache laling'ono. Akatswiri amakutcha brush discharge chifukwa cha maonekedwe omwewo. Bwezerani supuni pamalo omwewo ndipo mupeza pali chete. Isuntheni kutalika kwa chikhatho chimodzi, ithethekanso. Mungathe kuyenda chotero pepala lonse, malo ndi malo, ndipo paliponse pakhala ndi kuthetheka kwakekwake. Apa mpamene ophunzira amamvetsa chifukwa chimene waya wa ethi, wotayira magetsi munthaka, sathandizira papulasitiki, pakuti wayayo amangochotsa chaji ya pamene wakhudza.

Kwechaninso pepala, koma ulendo uno muyandikize singano. Simumva kuthetheka, mwina kakulira kosalekeza kapansipansi, ndipo pansonga pa singano paoneka kadontho kowala. Nsonga yakuthwa imaunjika mphamvu ya magetsi pamalo aang'ono kwambiri, mpweya wa pomwepo umasweka msanga, ndipo tizidutswa tochajidwa timayenda mwakachetechete kukazimitsa chaji ya papepala singano ikadali patali. Kumeneku ndiye amati corona. Mukayendetsa singano pepala lonse kenako n'kubwera ndi supuni, supuniyo ipeza zochepa. Mukadzatsegula pulinta kapena makina a fotokope, yang'anani potulukira mapepala, ndipo kawirikawiri mupezapo mzere wa timaubweya tosongoka timene ntchito yake ndi yomweyi.

Kuti muone chipsera chimene kuthethekako kwasiya, kwechani pepala kachitatu, lipachikeni, ndipo muyandikize supuni pamalo amodzi okha, kamodzi kokha. Ikani tona pang'ono m'kansalu kopyapyala, mumange ngati kafukusi, n'kukagogoda chapamwamba pa pepala kuti ufa ugwe ngati utsi. Phimbani mphuno ndi pakamwa, popeza ufawu ndi wosalala kwambiri ndipo suyenera kulowa m'mapapo. Gwedezani pepala kuti wosamatirira uyoyoke. Pamene panali supuni paoneka chilemba chosiyana ndi malo ena onse, nthawi zina chozungulira ngati ndalama yachitsulo, nthawi zina chotambasula nthambi ngati mizu ya mtengo wozulidwa. Chikapanda kuoneka bwino, chepetsani ufa ndipo muyesenso, chifukwa ufa wochuluka umakwirira timizere tating'ono. Nthambizo zikusonyeza njira zimene magetsi anayenda pamwamba pa pepala posonkhanira kusupuni, ndipo kukula kwa chilembacho ndiko kukula kwa malo amene anapereka chaji yake. Kawirikawiri malowo satsala opanda kanthu, koma amalandira chaji ya pozitivu pakati pa nyanja ya negativu.

Zilemba zimenezi zili ndi dzina la Georg Christoph Lichtenberg, mphunzitsi wa ku Göttingen m'dziko la Germany, amene mu 1777 anaona fumbi likudzikonza ngati nyenyezi pamwamba pa utomoni wouma wa chipangizo chake. Iye anapeza kuti chaji ya pozitivu imasiya chilemba cha nthambi zazitali, pamene ya negativu imasiya chozungulira chopanda nthambi zambiri. Pambuyo pake anthu anayamba kusakaniza ufa wachikasu wa sulufule ndi ufa wofiira wa mtovu, wachikasu n'kumamatira pa pozitivu, wofiira pa negativu. Musatsanzire zimenezo, chifukwa mtovu ndi poizoni. Nzeru yomweyi yoti ufa umatsata chaji yosaoneka ndi imene Chester Carlson anagwiritsa ntchito mu 1938 popanga fotokope yoyamba, ndipo makina onse amene amajambula mapepala a ophunzira a ku yunivesite ku Chirunga ndi zidzukulu za ntchito imeneyo.

Chivindikiro cha poto

Gawo ili ndi limene ndimaliona kuti n'lofunika koposa, makamaka kwa okonza mafoni. Chotsani chogwirira cha chivindikiro. Sungunulani tsinde la kandulo n'kulimata pakati pa chivindikirocho kuti kandulo ikhale chogwirira chosadutsa magetsi, ndipo mukatha muzimitse moto. Kwechani bolodi la pulasitiki ndi juzi. Gwirani kandulo chakumtunda, mukhazike chivindikiro pabolodi, kenako muchikhudze ndi chala kamodzi. Mumva kulasa pang'ono. Chotsani chala, nyamulani chivindikiro ndi kandulo, ndipo muyandikize mfundo ya chala cha dzanja linalo m'mphepete mwake. Mbaliwali yowala, yoongoka, yomveka chipinda chonse idumpha. Bwezerani chivindikiro pabolodi osakwechanso, khudzani, nyamulani, ndipo mbaliwali idumphanso. Tsiku louma mungathe kubwereza kambirimbiri.

Funso limene ophunzira amafunsa n'lakuti magetsiwa akuchokera kuti ngati bolodi silikutha mphamvu. Yankho n'lakuti bolodi silikupereka chaji yake. Chivindikiro chimaligunda pa timalo tochepa tokwera, ndipo kwina konse pali kampata ka mpweya. Chaji ya negativu ya pabolodi imakankhira maelekitironi a m'chivindikiro kumtunda, chala chanu chimawatenga, ndipo chivindikiro chimatsala ndi pozitivu. Mphamvu ya mbaliwaliyo ikuchokera mumkono wanu, umene wagwira ntchito yolekanitsa zinthu ziwiri zokokana. Chipangizochi anayamba kuchipanga ndi Johan Carl Wilcke ku Sweden mu 1762, ndipo Alessandro Volta anachikonza bwino n'kuchitchukitsa mu 1775 ndi dzina loti electrophorus. Mukagwira mwendo umodzi wa kababu ka neon n'kugunditsa winawo pachivindikiro, kaphethira kuwala kofiira ngati lalanje, popeza kamayaka ndi mavoliti osafika 100.

Mungathe kuyerekeza mavoliti ndi rula. Mpweya wouma wa m'mbali mwa nyanja yamchere umasweka pa mavoliti pafupifupi 3,000 pa milimita imodzi, pakati pa zitsulo zosalala zozungulira. Mbaliwali ya mamilimita 3 ndiye kuti ili pafupi ndi mavoliti 10,000. Friedrich Paschen anasonyeza mu 1889 kuti mavoliti ofunikawo amadalira kukula kwa mpata pamodzi ndi kupanikizika kwa mpweya, kotero kuti muno mumzinda, pamtunda wa mamita oposa 900, mpweya umasweka msangako pang'ono, ndipo pamwamba pa phiri, pamene pamapitirira mamita 2,000, umasweka msanga koposa apo. Lamulo lomwelo lili ndi mbali yodabwitsa, yakuti mpata ukachepa kwambiri mavoliti ofunika sapitiriza kutsika mpaka kalekale, koma amafika pansi penipeni pa mavoliti pafupifupi 330, pampata wochepera kunenepa kwa tsitsi limodzi, kenako amayambanso kukwera.

Chivindikiro cha poto wapakatikati chimasunga pafupifupi 10 picofarad, umene ndi muyeso wa kuthekera kwa chinthu kusunga chaji. Pa mavoliti 10,000, mphamvu yake, imene timaipeza potenga theka la 10 picofarad n'kuchulukitsa ndi mavolitiwo, kenako ndi mavolitiwonso, ndi theka la millijoule (muyeso wa mphamvu; 1,000 millijoule ndi joule imodzi). Kwa munthu imeneyo ndi yongolasa ngati nyerere. Koma mpweya wa petulo wosakanikirana bwino ndi mpweya wamba umayaka ndi pafupifupi 0.25 millijoule, kutanthauza kuti chivindikiro cha m'khitchini mwanu chili ndi mphamvu yoposa yofunikayo kawiri. Ngakhale kuthetheka kwa pepala ndi supuni kuja, kumene kumamwaza mphamvu yake m'nthambi zambiri, kumatha kuyatsa petulo ndi gasi.

Pali mtundu wina wa kuthetheka umene simuyenera kuuyesa, koma muudziwe. Pepala lolenjekeka mumpweya silingasunge chaji yopitirira pafupifupi 27 microcoulomb (muyeso wa kuchuluka kwa chaji) pa sikweya mita imodzi, chifukwa ikapitirira, mpweya woyandikana nalo umasweka n'kuitaya. Koma pepala lopyapyala likamatidwa pachitsulo, chaji yosiyana imasonkhana kuseri kwake, mphamvu imamangika mkati mwa pepalalo, ndipo lingathe kusunga yochuluka kakhumi kapena kuposerapo. Ikafika cha m'ma 250 microcoulomb pa sikweya mita, chitsulo china chikayandikira kapena pepala likabooka, kuthetheka kumathamanga pamwamba ponse ngati mphezi yogona, n'kusonkhanitsa chaji ya malo aakulu nthawi imodzi, ndipo mphamvu yake imafika pa joule imodzi kapena zingapo. Kukwecha ndi manja sikufikitsa pamenepo. Zimachitika m'mafakitale, m'mapaipi achitsulo okutidwa ndi pulasitiki mkati mmene ufa kapena shuga akuthamanga mosalekeza, ndipo fumbi lotero likakhala mumpweya limatha kuphulika. Akatswiri amapewa zimenezi posankha chokutira chimene chimabooka chokha mavoliti asanafike 4,000.

Patebulo lokonzera mafoni ndi pachigubu

Tsopano ganizirani tebulo la wokonza mafoni mumsika. Wamatula kapepala ka pagalasi latsopano n'kukasiya pambali pa bolodi la foni, lomwe limanyamula timawaya ndi tizipangizo ta mkati mwake. Kapepalako ndiko bolodi la pulasitiki lokwechedwa lija, timawaya ta m'foni ndito chivindikiro, ndipo nsonga ya sikuludiraiva kapena kachitsulo kotolera ndicho chala. Kapepala sikanakhudze foni ngakhale pang'ono, koma kuthetheka kwachitika m'kati mwa chipu, kachipangizo kochepetsetsa koyendetsa foniyo. Munthu sayamba kumva kulasa mpaka mavoliti atafika pafupifupi 3,000, pamene tizipangizo tina ta m'foni timawonongeka ndi mavoliti osafika 100. Choncho wokonzayo samva kanthu, saona kanthu, ndipo nthawi zina foni imayaka bwinobwino n'kudzafa patapita masabata, mwini wake n'kubwera akukalipa pamene wokonzayo sakudziwa chimene analakwa.

Matulani kapepala pang'onopang'ono, muli patali ndi bolodi, ndipo mukataye nthawi yomweyo. Majumbo, selotepi, mbale zopepuka ndi makapu apulasitiki zikhale masentimita 30 kapena kuposerapo kuchokera pamene pali foni yotsegulidwa. Valani lamba wapamkono wolumikizidwa ku ethi, koma akhale wogula wokhala ndi rezisita ya megaohm imodzi mkati, yochepetsa magetsi odutsamo, osati waya wamba, chifukwa waya wamba angakuphetseni mutagwira magetsi a m'nyumba mwangozi. Bolodi la foni liikeni pamkeka wake wotaya chaji pang'onopang'ono, osati pachitsulo chosakutira, popeza chitsulo chimalanda chaji mwadzidzidzi. Timatumba tapinki tosungiramo zipangizo zamagetsi timangopewa kubala chaji, pamene tonyezimira ngati siliva ndi timene timatchinjiriza zam'kati ku chaji ya kunja, choncho posunga kapena ponyamula bolodi sankhani tasilivato. Pulasitiki imene simungathe kuichotsa patebulo muziipukuta ndi kansalu konyowa pang'ono, osati kouma, ndipo malaya athonje ndi abwino kuposa a nayiloni.

Za chigubu n'zachidule. Mafuta akasowa, ambiri amasunga petulo m'zigubu zapulasitiki, ndipo oyendetsa njinga zamoto za kabaza amathira kuchokera m'mabotolo. Petulo nayenso sadutsa magetsi bwino, ndipo amachajika akamayenda m'paipi kapena akamakhuthulidwa. Chigubu chitsitseni m'galimoto ndi kuchiika pansi musanathiremo, mlomo wa pampu ugunde pakamwa pake nthawi yonse, ndipo muthire mosathamanga. Musachipukute ndi nsalu youma chili chotsegula. Choopsa kwambiri ndi fanulo yachitsulo yokhazikidwa pachigubu chapulasitiki, chifukwa imeneyo ndi chivindikiro chija chili pabolodi, ndipo ikungodikira dzanja kapena mlomo wa pampu, pamalo enieni amene mpweya wa petulo ukutulukira.

Mukamaliza kuyesa, pukutani pepala ndi bolodi ndi nsalu yonyowa kuti chaji ndi tona zichoke. Tona wogwera pazovala muchape ndi madzi ozizira, chifukwa madzi otentha amamusungunula n'kumumatiriza pansalu. Pepala limene latulutsa chilemba chooneka bwino mungalisunge pomata selotepi yaikulu pamwamba pa chilembacho n'kuisamutsira papepala loyera, ndipo mulembepo tsiku, nyengo ya tsikulo ndi chitsulo chimene munayandikiza, kuti mudzathe kufanizira cha mu Sepitembala ndi cha mu Januwale.